Mapepala a Malemu Victoria

Ku Kamphamba, mudzi wa kumtunda kwa Kasina kumene nkhungu imachedwa kuchoka m'mizere ya mbatata, munthu wamkazi akatsikira kulichete uthenga unkayamba wafika kwa a Bernadetta usanapite kwa abale akutali. Iwo anali mdzukulu, mmodzi mwa anthu amene mudzi umawadalira pa maliro. Adzukulu aamuna amakumba manda. Aakazi amasambitsa thupi, kuliveka, kusesa m'nyumba ya siwa ndi kukataya zoyenera kutayidwa. Ntchitoyi a Bernadetta anaiyamba m'chaka cha njala cha 2002, maliro atachuluka kuposa manja. Mayi wina wachikulire anawapempha kuti amugwirire beseni tsiku limodzi lokha, ndipo besenilo sanalitulenso kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Anali mayi wamfupi, wa mawu ochepa, wolima kachewere ndi nyemba pa munda wotsetsereka umene malemu amuna awo, a Gerevazio, anawasiyira. Kwawo kwenikweni kunali ku Lobi. Ku Kamphamba anabwera ndi ukwati, ndipo ngakhale anaberekerako ana anayi ndi kuikako mwamuna, panali anthu amene sankaiwala kuti mayiyu ndi mtengwa. Ulemu ankawapatsa ndithu, koma ulemu wa kuimira patali. Akaphika zitumbuwa za ku msonkhano wa Mphakati wa tchalitchi, za anzawo zinkatha, zawo n'kutsala m'mbale. Iwo ankaona zonsezi. Ankangozikulunga n'kubwerera nazo kunyumba.

Malamulo a ntchito yawo ankawadziwa ngati pemphero la Atate Athu. Limodzi linali ili: pa tsiku logawa katundu wa malemu, mdzukulu ali ndi ufulu wopempha kanthu, kaya mbale kaya chitenje, bola apemphe poyera anthu onse akumva. Koma chimene eni maliro anena kuti chikawotchedwe, chiwotchedwe chonse. Munthu wobisa chinthu cha wakufa, ku Kamphamba ankadziwa dzina lomutcha, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo.

Mwana wawo wotsiriza anali Sibongile. Kuyambira ali wamng'ono, amayi ake akabwera ku siwa ankawachingamira ndi funso limodzi: munthuyo wafa ndi chiyani? Yankho lakuti Mulungu wamutenga silinkamukwana. Ankafuna kumva ngati miyendo inatupa, ngati maso anali achikasu, ngati anatsokomola masiku angati. A Bernadetta ankamudzudzula kuti mwana safunsa zotero, koma mumtima ankadabwa naye. Mtsikanayo atalemba mayeso a Fomu 4 pa sekondale yoyendera, anakhoza kuposa onse a chaka chake, ndipo koleji ya zaudokotala ya ku Blantyre inamuitana kuti akalembe mayeso olowera mu Ogasiti.

Kalatayo inangotchula tsiku, malo ndi maphunziro. Sinanene mmene mafunso amabwerera. Mphunzitsi wake wa sayansi, a Macdonald, anamuuza chilungamo: mayeso amenewa si a Fomu 4. Mafunso ndi ambiri, nthawi ndi yochepa, ndipo ana anzeru amagwa osati chifukwa sadziwa koma chifukwa wotchi yawathera ali pakati. Mankhwala ake ndi amodzi, kupeza mapepala a zaka zam'mbuyo n'kumadziyesa nawo tsiku ndi tsiku, wotchi ili pambali. Iwowo anali nalo limodzi lokha, lakalekale, tsamba lapakati litathothoka.

Sibongile anawasaka mapepalawo ngati munthu wosaka mbuzi yosokera. Ku laibulale ya pasukulu anapeza shelefu ya sayansi itadyedwa ndi chiswe. Anapalasa njinga yobwereka mpaka pa boma, koma pa malo a fotokope anamuonetsa mapepala a ofuna uphunzitsi ndi upolisi basi. Ankakwera pa mwala wa kuseri kwa tchalitchi, pomwe netiweki imagwira, n'kufunsa m'magulu a pa foni. Wina anamutumizira zinthu zimene kafoni kake kanakana kutsekula. Wina anamulonjeza pepala lenileni la chaka chomwecho, ndipo a Macdonald atamva anamuuza kuti nambala ya munthu ameneyo aifufute.

Chiyembekezo chimene chinatsala chinali Victoria, mwana wa a Kristina a kutsidya kwa njira. Victoria ndiye anali woyamba m'mudzimo kulowa koleji imeneyo, ndipo anali m'chaka chachiwiri. Pa Pasaka anakumana ndi Sibongile pa mjigo, n'kumuuza kuti ali ndi katoni yonse ya mapepala a zaka zisanu ndi ziwiri, ena atayankha kale, ndipo adzabwera nayo pa holide ya Juni. Panalibe wina amene anamva lonjezolo. Sibongile anangowauza amayi ake madzulo akusenda mbatata, nkhope ikuwala.

Mu Juni Victoria anabweradi, katoni yomanga ndi mphira ili m'manja, koma anabwera akudandaula mutu. Tsiku lachitatu anapita naye kuchipatala thupi likutentha, khosi litauma. Tsiku lachisanu kulira kunamveka kutsidya kwa njira nkhungu isanachoke.

A Bernadetta ndi amene anamusambitsa. Anasambitsapo makanda, anamwali ndi nkhalamba, osaima ngakhale kamodzi. Koma atafika pa dzanja lamanja la Victoria anapeza pa chala chapakati kachikanga kolimba kamene cholembera chimasiya, inki yofiira ikuonekabe m'mbali mwa chikhadabo. Chala cha Sibongile chinali chomwecho. Anaima kaye, madzi akudontha m'nsalu, mpaka mdzukulu mnzawo, a Nomsa, anawagwedeza ndi chigongono.

Ku maliro anthu ankanong'onezana. Munthu wophunzira zochiritsa anzake angafe ndi mutu? Mwana woyamba kukwera chonchi m'mudzi muno, n'kufa chaka chachiwiri? Palibe amene anatchula dzina, koma maso ankayendayenda, ndipo a Bernadetta, amene anakhala zaka zambiri m'nyumba za siwa, ankadziwa kuti maso otero sabwerera chabe. Amayendabe mpaka atapeza pogwera.

Patatha sabata, katundu wa malemu anayalidwa pa bwalo la a Kristina. Wogawa anali a Kalisto, amalume ake a Victoria, bambo wamtali wodekha amene sankabwereza mawu. Zovala zinapita kwa asuweni, nsapato kwa mng'ono wake, bulangete kwa azakhali. Chovala choyera cha kuchipatala a Kristina anachifungatira osachipereka. Kenako a Kalisto anadula mphira wa katoni ija n'kusolola tsamba limodzi. Panali chigaza cha munthu, mivi yofiira ikuloza m'maso, m'mano ndi m'chibwano, ndi timalemba tating'onoting'ono m'mbali. Amayi amene anali pafupi anatembenuza nkhope.

A Kristina anaphimba kumaso ndi chitenje. "Chotsani zimenezo, achimwene. Ndikamaona zolemba zake ndiye ngati akundiitana. Zikapse."

A Kalisto anabwezera tsambalo, n'kuuza adzukulu kuti katoniyo ipite kumoto pamodzi ndi mphasa imene malemu anadwalirapo.

A Nomsa, amene pakamwa pawo sipankatopa, anaombera m'manja n'kunena kuti iwo akufuna ambulera, popeza kumene wapita mwanayu mvula sigwa. Anthu anaseka pang'ono, monga amasekera pa maliro mdzukulu akayankhula, ndipo ambulerayo anawapatsa. Kenako a Kalisto anatembenukira kwa a Bernadetta.

"Nanga inu amake Sibongile, simupempha kanthu?"

Mawu anali pakhosi pomwe. Akanangonena kuti mapepalawo, mwana wanga awerenge, ndipo mwambo unkawalola. Koma anayang'ana bwalo lonse, n'kuona anthu amene ankadziwa kuti Sibongile waitanidwa ku koleji yomwe ija. Anamva m'mutu mwawo mmene nkhaniyo ikakambidwire pa mjigo: mwana wa eni mudzi wagona, mtengwa wamusambitsa, ndipo pasanathe sabata akupempha nzeru zake kuti apatse wake. Maso aja akanapeza pogwera tsiku lomwelo.

"Ine ayi, zikomo," anatero a Bernadetta.

Malo owotchera anali m'chigwembe cha kuseri kwa mabulugamu. Katoniyo anaisenza okha, ndipo inkalemera ngati thumba la mbewu. Udzu unali wonyowa ndi nkhungu, machesi atatu anazima osayatsa kanthu. A Bernadetta anapempha a Nomsa kuti akatenge mapesi ouma kumunda wa kumtunda. Mnzawoyo atangobisika, manja awo anachita zinthu mutu usanavomere. Anakhuthula mapepala onse, kuwakulunga m'chitenje chapamwamba, n'kukawakankhira pansi pa mulu wa makoko a nyemba m'munda woyandikana. M'katonimo anathiramo masamba, pamwamba n'kuikapo mapepala owerengeka.

Moto unayaka, mphasa inapsa, katoni inapsa. A Nomsa anatola kamtengo n'kutakasa phulusa, pang'onopang'ono, mbali iyi ndi iyo.

"Katoni yolemera ija, phulusa lake n'lomweli?"

"Mapepala a masiku ano ngopyapyala," anayankha a Bernadetta, maso ali pansi.

A Nomsa anawayang'ana, kenako anatambasula ambulera yawo ija kulibe mvula, n'kuyamba kukwera chitunda okha.

M'mawa mwake a Bernadetta anabwera nawo mapepalawo m'dengu, pamwamba ataikapo mbatata. Sibongile atamasula chitenje anaona dzina pa tsamba loyamba, ndipo anabweza manja ngati wakhudza mbaula.

"Amayi, munapempha?"

"Werenga."

"Munapempha, amayi?"

"Ndati werenga. Zinazo undisiyire ine."

Kuseri kwa nyumba kunali kanyumba kosungiramo mbewu ya mbatata, ka zenera limodzi laling'ono. Mmenemo ndi mmene Sibongile anasandutsa kalasi. Ankalowa m'mawa atasesa, n'kutseka chitseko, n'kutchera foni kuti ilire maola awiri akakwana. Pepala loyamba foni inalira ali pakati, monga ananenera a Macdonald, ndipo anatuluka maso ali ofiira. Lachiwiri anapitirirako pang'ono. Pofika sabata yachitatu ankamaliza foni isanalire, n'kutsala ndi mphindi zobwereza. A Bernadetta Chingerezi sankachidziwa, koma ankadziwa kuwerenga nkhope ya mwana wawo, ndipo ankaona kuti chimene anaba chikugwira ntchito. Zimenezi zinkawasangalatsa ndi kuwaopsa pamodzi.

Vuto linali lakuti Sibongile ankaloweza mokweza. Amayi odutsa pa njira ya ku mjigo ankamva mawu a mtsikana m'kanyumba kotseka, akutchula mayina achilendo a mafupa ndi mitsempha, kubwereza katatu kanayi, kenako kachipangizo n'kulira. Poyamba ankangochepetsa liwiro. Pambuyo pake anayamba kudzera njira ina. Woyandikana nawo amene ankabwera kudzapala moto m'mawa uliwonse analeka. A Nomsa akakumana nawo ankapereka moni wa pakamwa pokha, miyendo ikuyendabe.

Pakati pa Julaye kunamveka kulira kumunsi kwa mudzi. Mayi wina wokalamba anali atapuma. A Bernadetta anatsuka beseni, anatenga sopo ndi nsalu, n'kukhala pakhonde kudikira wodzawaitana. Dzuwa linakwera, palibe anabwera. Ananyamuka okha, ndipo pakhomo la siwa anapeza a Nomsa atalowa kale ndi mayi wina amene anali asanagwirepo ntchitoyi. A Nomsa anawauza mwaulemu kuti manja akwana, apume. A Bernadetta anabwerera ndi beseni louma, anthu onse a pabwalo akuwaperekeza ndi maso.

Kanyumba ka mbatata kanali ka chinyontho, ndipo mapepala anayamba kuchita nkhungu yakuda m'mphepete. Tsiku lina dzuwa litawala, Sibongile anawayala kuseri kwa kanyumbako, lililonse atalipsinja ndi mwala. Chakumasana kunadzuka kamvuluvulu kuchokera kuphiri. Anathamanga, anatola, anawerenga, n'kupeza kuti limodzi palibe. Analifuna m'mizere yonse mpaka m'mabulugamu, koma tsambalo linali litakagwera pa mjigo, pakati pa zidebe. Panali mtima wa munthu wodulidwa pakati, ndi dzina la Victoria pamwamba. Tsiku limenelo, kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, pa njira ya pakhomo pa a Bernadetta sipanadutse munthu ngakhale mmodzi.

Anabwera m'mawa, nkhungu isanachoke. Patsogolo panali a Kalisto, pambuyo pawo a Kristina atafunda chitenje chakuda. Ena sanafike pakhomo. Anaima m'mabulugamu, amuna ndi akazi, achinyamata ena manja ali kumbuyo. A Bernadetta ali mtsikana ku Lobi anaonapo anthu ataima chonchi kuzungulira nyumba ya mayi wina, ndipo pomwe panali nyumbayo patatha mwezi panamera maungu. Anayala mphasa pakhonde, n'kugwada pansi pa dothi.

A Kalisto sanakhale. Anaika tsamba lija pa mphasa n'kulipsinja ndi mwala.

"Amake Sibongile, ichi chinapsa mwezi watha. Tiuzeni chadzuka bwanji."

A Bernadetta sananame. Ananena zonse mwadongosolo, za mapesi, za makoko a nyemba, za dengu. Anati anabisa okha, mwana sanawatume, a Nomsa sanadziwe. Atafunsidwa kuti ankafuna achite nazo chiyani, anati ankafuna mwana awerenge. M'mabulugamu munthu wina anafunsa mnzake, mokweza ndithu, ngati chigaza chimawerengedwa.

"Ndinakufunsani pabwalo, anthu onse akumva," anatero a Kalisto. "Munati ayi."

"Ndinaopa, bambo."

"Munaopa chiyani, ngati m'manja mwanu munali moyera?"

Yankho a Bernadetta anali nalo, koma kulinena kunali kutchula ndi pakamwa pawo dzina limene anthu a m'mabulugamu ankadikira. A Kalisto anadikira, kenako analamula kuti zonse zitulutsidwe, zipse pomwepo, ndipo za mayiyu zikakambidwe kubwalo lalikulu.

Sibongile analowa m'kanyumba n'kutuluka ndi dengu. Anadutsa a Kalisto, n'kukaligwadira pamapazi pa a Kristina. Sanadandaule, sanalire. Anangoti Victoria anamulonjeza pa mjigo pa Pasaka, ndipo mboni alibe.

A Kristina anayang'ana denguyo ngati munthu woyang'ana madzi akuya. Kenako anatambasula dzanja n'kutenga tsamba limodzi. Chingerezi cha pakati anachidumpha, koma m'mbali, mu inki yofiira, munali Chichewa, ndipo iwo sukulu analekezera Sitandade 6. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata, mawu akutuluka okha.

"Sibo, funso ili linandigwetsa kawiri. Usathamange, yamba wajambula."

Anatenga lina. "Sibo, ili limabwera chaka ndi chaka, amangolisintha malaya." Anatenga lachitatu. "Sibo, apa ukalakwa ndidzakukoka makutu."

Anakhala pansi pa mphasa, tsambalo lili pachifuwa. "Ndi yemweyo," anatero. "Ang'ono ake onse ankawauza zomwezi. Makutu a anthu ankawafuna kwabasi."

A Kalisto anati amva, ndipo sakukana kuti malemu anafuna kupereka. Koma lonjezo la malemu likanenedwa pabwalo tsiku logawa, osati kufukulidwa m'makoko a nyemba. Chimene chanenedwa kuti chipse chiyenera kupsa, apo ayi mawa aliyense adzayamba kusankha zotsala m'moto wa akufa.

"Zoti zipse ndinanena ndine, achimwene, ndipo sindikubweza," anatero a Kristina. "Zidzapsa. Koma mwana wanga analembera munthu, ndipo munthuyo sanamalize kuwerenga."

Ananena maganizo awo mosakweza mawu. Mapepala achoke m'kanyumba kamdima, apite kunyumba kwawo. Sibongile azibwera m'mawa uliwonse kudzawerengera pakhonde pawo, chitseko cha dziko lonse chili chotsekula, aliyense wofuna kumva zimene amanena azidzamva. Tsiku limene adzanyamuke kupita ku mayeso, amayi ake adzawotche zonse ndi manja awo, anthu akuona.

A Kalisto anavomera. Koma anawonjezerapo chimodzi, akuyang'ana a Bernadetta. "Beseni mutule, mayi. Munthu amene wabisa kamodzi sitingamusiyenso yekha ndi akufa athu."

A Bernadetta anaomba m'manja kuvomereza. Ankaganiza kuti chimene chingawapweteke ndi mwala kapena moto, koma mawu amenewa analowa malo ena amene sanawatchinge. Anthu a m'mabulugamu anabalalika pang'onopang'ono, ena akucheuka, ngati anthu amene anabwerera chinthu china n'kupatsidwa china. Mnyamata wina anataya chimene anali nacho kumbuyo, ndipo chinagwa m'masamba ndi kaphokoso kolemera.

Kunatsala masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Sibongile sanajombe ngakhale limodzi. Ankakhala pakhonde pa a Kristina, mapepala ali pa mpando, iye ali pansi. Foni ankaisunga ndi a Kristina, amene ankasankha nyemba pa lichero, ndipo ikalira ankanena ndi ukali wa mphunzitsi weniweni kuti nthawi yatha, tula cholembera. Masiku oyamba anthu ankadutsa mwadala kudzamvetsera. Atamva kuti ndi masamu ndi mayina a ziwalo tsiku ndi tsiku, ambiri anatopa. Masana mtsikanayo ankakopera mafunso onse m'makope ake, pamodzi ndi timawu tofiira ta m'mbali, mpaka kachikanga ka pachala kanang'ambika. Anadzaza makope asanu.

Tsiku lonyamuka, a Bernadetta anamuperekeza mpaka pa msewu waukulu, n'kudikira kufikira minibasi itachoka. Pobwera anapita molunjika kwa a Kristina, anasenza dengu, n'kutsikira ku chigwembe chija, a Kalisto ndi anthu ena ali pambuyo. Ulendo uno machesi anagwira kamodzi. Mapepala a zaka zisanu ndi ziwiri anatenga nthawi kupsa, ndipo mayiwo ankawatembenuza ndi mtengo kuti pasatsale ngakhale ngodya. A Nomsa anatakasa phulusa monga tsiku lija, n'kunena kuti lero ndiye lakwana.

Mayina anatuluka mu Okutobala, ndipo la Sibongile linalipo. A Kristina anaoloka njira n'kudzalulutira pakhomo, misozi ikutsika. A Macdonald anabwera pa njinga thukuta lili kamukamu. Ena anabweranso, koma osati ambiri monga anabwerera nthawi ya Victoria. Pa mjigo nkhani zinali ziwiri. Ena ankati mwana anawerenga, tinamuona tokha. Ena ankangoti, mwaona kodi, n'kusenza zidebe zawo.

Lamulungu lomaliza Sibongile asanapite ku koleji, a Bernadetta anamupeza akulongedza makope asanu aja m'chikwama. Anati akufuna akawakonze bwino kumeneko, adzawapatse a Macdonald pa holide kuti ana a Fomu 4 aziyeserapo. A Bernadetta anawatulutsa m'chikwamamo n'kumuika m'manja.

"Upereke lero. Misa ikatha, panja pa tchalitchi, anthu akuona ndi kumva. Za pa holide usalonjeze munthu."

Sibongile anayang'ana amayi ake, n'kumvetsa. Tsiku limenelo anapereka makopewo pa masitepe a tchalitchi, n'kunena mokweza kuti ndi a mwana aliyense wa ku Kamphamba amene adzawafune, ndipo a Kristina anaima pambali pake.

Beseni lija tsopano a Bernadetta amatsukiramo mbatata zopita ku msika. Kulira kukamveka m'mudzi amadzuka msanga monga kale, dzanja n'kupita pa msomali pamene pankakhala nsalu, kenako amakumbukira n'kukhala pansi. Foni imene Sibongile anawasiyira amaimangira pa mfundo ya chitenje. Loweruka lililonse masana amakwera pa mwala wa kuseri kwa tchalitchi kukadikira kuti ilire, ndipo mwanayo akayamba kufotokoza za maphunziro ndi za anzake, iwo amamudula pakamwa. Amayamba afunsa ngati mutu sukumupweteka.